Woyamba Kufa ndi Kalisto

"Pamenepo fufuta," anatero a Binwell, chala chili m'kope lomwe Stelia anatsegula pamaondo. "Ingolemba kuti anali mlimi. Za kanemazo anthu akuzidziwa kale, palibe chifukwa chozilengezera pamaliro."

Stelia anafufuta osatsutsa n'komwe. Anali atakhala pakampando kuseri kwa nyumba ya bambo ake, a Lameck, amene anagwa ndi sitiroko dzulo lake m'mawa akupopa njinga, n'kumwalira asanafike nawo kuchipatala. Thupi linali ku Lisungwi kudikira abale ochokera ku Blantyre, ndipo kuika kunali mawa lake. Ntchito yolemba ndi kuwerenga mbiri ya malemu inagwera Stelia chifukwa ndi mphunzitsi. Kwathu kuno ukangokhala mphunzitsi, chilichonse chofuna cholembera n'chako, ngakhale maso atatupa ndi kulira.

A Binwell anali mng'ono wawo wa malemuwo, munthu wopaka laimu khoma loyang'ana kumsewu lokha. Kuipa mtima ayi, sanali oipa. Maliro onsewa anawasenza ndi iwo, ndipo chiyambire dzulo anali asanakhale pansi. Koma ankafuna kuti achimwene awo apite mwaulemu, ndipo kwa iwo ulemu wa a Lameck unali pa nkhani imodzi yokha.

"Tsopano lemba ya chaka cha njala, uilembe bwino. Unene kuti mu 2002, anthu akudya zitsa za nthochi, akuba atatha minda, malemu analimba mtima n'kugwira chigawenga chimene chinkamaliza chimanga cha mudzi uno. Opanda mfuti, opanda chikwanje. Unene kuti anali ngwazi."

Nkhani imeneyi Stelia anakula nayo. Inkakambidwa pa zinkhoswe, pamowa, ngakhale pa maliro a eni, ndipo chaka ndi chaka chigawengacho chinkatalika n'kumanenepa. Ali kukoleji ya aphunzitsi, anzake akamufunsa za bambo ake, ankawauza imeneyi. Chimene sankawauza n'chakuti bambo akewo ali ndi chisakasa cha malata akale kuseri kwa sitolo ya a Ibrahim ku Lisungwi, momwe kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ankaonetsa mafilimu ophana, iwo akumasulira m'Chichewa. Sipika inkakhala padenga, moti kulira kwa mfuti pamodzi ndi mawu a bambo ake zinkamveka mpaka kumsika wa tomato. Kusukulu anzake ankamutcha mwana wa a Zipolopolo. Kuyambira ali Sitandade 5 ankazungulira njira kuti asadutse pachisakasapo, ndipo sanalowemo ngakhale kamodzi.

Ndiye ndime ya ngwaziyo anailemba ndi mtima wonse, ndi zilembo zake zabwino za pabolodi.

"Pali china," anatero a Binwell. "Sipika ya kutchalitchi inapsa pa ukwati wa mwezi watha. Upite ukatenge ya achimwene, ndi maikolofoni yomwe. Makiyi ali m'jekete lawo."

Anazinena akuyang'ana kumbali, poti chinthu chimene anali atangochichotsa m'mbiri ndi chomwe chinkafunika kuti mbiriyo imveke.

Stelia anakwera kabaza dzuwa litakwera ndithu. A Ibrahim anamuonera kutali, n'kutuluka m'sitolo akupukuta manja kumkanjo. Anali bambo wa ndevu zoyera. Magetsi a m'chisakasa ankachokera kwa iwo, ndipo m'mawa uliwonse iwo ndi a Lameck ankamwera tiyi limodzi pakhonde, akutsutsana za mpira.

"Pepani, aphunzitsi. Dzulo ndinafika, koma munali m'nyumba ndi amayi."

Anamutsegulira. Mkati munali mabenchi asanu ndi atatu, makoko a mtedza pansi, ndi kanema wamkulu wovindikiridwa ndi chitenje chakale cha amayi ake. Patebulo panali kakompyuta ndi maikolofoni yomanga ndi mphira. Stelia anadabwa kuti malo amene anawathawa zaka zonsezi anali ochepa chonchi.

"Tiyese kaye ngati ikulira, mungasenze chinthu chakufa," anatero a Ibrahim, kenaka anachita manyazi ndi mawu awowo n'kuwerama kukalumikiza mawaya.

Kakompyutako kanatsegukira pa filimu imene a Lameck anamaliza kuijambulira mawu Lamlungu. Ndi mmene ankachitira: m'mawa ankajambula mawu ali okha, masana n'kuonetsa anthu. Stelia anagwirira benchi. Mawu a bambo ake anadzaza chisakasa chonse, amphamvu, oseleula.

"Eya, ekita wathu uja wafika," mawuwo anatero. Ekita ndi mmene anyamata amatchulira mwini filimu, uja safa ngakhale amuombere kangati. "Akuti anamuphera mng'ono wake, ndiye wabwera kudzabwezera. Taonani minofu. Ameneyu sanagonepo ndi njala chibadwire."

Pa kanemapo, mlonda anali atakhala pa ndowa pageti la fakitale, akudya za m'kabakuli. Ekita anamuzembera kumbuyo, kumupotokola khosi, n'kudutsa osacheuka. Nkhope ya mlondayo sinaoneke n'komwe bwino. Pamenepo chithunzi chinaima.

"Ameneyo wapita," mawu aja anatsika. "Ameneyo ndi Kalisto, wa ku Midzemba. Kwawo wachoka osadya, wati ndikayese mwayi. Amayi ake akumudikira. Alipo akumudziwa muno?"

Chithunzicho chinaimabe, mlondayo ali chigonere pambali pa kabakuli kake. Kenaka filimu inapitirira. Ekita anaombera ena ambiri, ndipo aliyense a Lameck anamupatsa dzina ndi kwawo: Gilbert amene mkazi wake ndi woyembekezera, Mavuto amene ntchitoyo waiyamba dzulo lomwe. "Tiyeni timuwerengere ekita wathu. Akwana naini. Mng'ono wake anali mmodzi. Koma muombereni m'manja, si zimene mwabwerera?"

A Ibrahim anathimitsa.

"Ankatero filimu iliyonse?" Stelia anafunsa.

"Iliyonse. Ena ankakwiya, ankati tabwera kudzaona nkhondo, osati maliro. Ambiri anasamukira ku kanema wa kuseri kwa msika, kumene womasulira amangokuwa kuti mupheni. Ine ndinawauza kuti a Lameck, mugwetsa bizinesi, anthu safuna kumva chisoni atalipira. Sanandimvere. Amene anatsala ndi aja ankaziona ngati nthabwala." A Ibrahim anayamba kukulunga waya m'dzanja. "Mayina enawo ankasintha. Koma woyamba kufa ndi Kalisto, filimu ya kwa azungu kaya ya ku China. Mudzi wokha ndi umene unkasintha: lero Midzemba, mawa Matandani, mkuja Ligowe. Anyamata anazolowera, munthu akangogwa woyamba onse ankakuwa Kalisto, n'kumaseka."

"Ndi ndani Kalisto ameneyo?"

"Ndinawafunsapo kamodzi. Anati ndi dzina chabe. Koma tsiku limenelo tiyi wawo anazizirira m'kapu."

Anamangirira sipika pa kabaza wina, Stelia n'kukwera wake, maikolofoni ili m'chikwama. Njira yonse analira mwakachetechete kumsana kwa wakabazayo. Sikunali kulira kwa dzulo kuja. Kunali kwa manyazi, poti a Ibrahim, munthu wapadera, ankadziwa ntchito ya bambo ake kuposa iye.

Amayi ake, a Maness, anali pamphasa m'nyumba chiyambire dzulo, atazunguliridwa ndi amayi a kumpingo, ndipo mwa anthu chonchi simukambidwa za kumtima. Mpata unapezeka masana, pamene amayiwo anati namfedwa akasambeko. Stelia ananyamula chidebe cha madzi ofunda n'kuwaperekeza kubafa la udzu kuseri. Iye anaima panja atagwira chitenje chosinthira.

"Amayi, Kalisto ndi ndani?"

Madzi anasiya kulira mkatimo.

"Wakuuza ndani?"

"Bambo. Ndawamva pa filimu."

A Maness analankhula motsitsa, ndipo mwina udzu umene unali pakati pawo ndi umene unawathandiza.

"Ndi chigawenga cha a Binwell chija. Kamunthu kowonda, kosakwana zaka makumi awiri. Anakapeza m'munda mwathu masana, kali ndi zimanga zisanu ndi ziwiri m'malaya. Sikanathawe, mphamvu zothawira kanalibe. Kanakhala pansi n'kumanena kuti ndine Kalisto, ndine Kalisto, mwana wa a uje, kwathu n'kwakuti, kuti mwina wina akadziwe. Bambo ako anali ndi mpini wa khasu. Anthu ankabwera akukuwa, iwo mutu unali utatentha. Anamenya kawiri. Kachitatu kanali katafa kale."

Stelia anakhala pansi pomwepo, pa dothi lonyowa.

"Anthu anawanyamula m'mwamba bambo ako, kuwaimbira nyimbo. Mnyamatayo anamukwirira kumapeto kwa manda, opanda pemphero, ndipo nkhani inathera m'mudzi muno. Chaka chimenecho anthu ankasowa ambiri, palibe anabwera kudzafunsa. Dzina la mayi ake ndi mudzi bambo ako sanazimve, anangogwira Kalisto yekhayo. Gulu lisanafike anali awiri ndi a Binwell. Anawafunsa kambirimbiri, a Binwell ankati nawonso sanamve. Ndiye atayamba za kanema anati ku Lisungwi kumabwera anthu a mbali zonse, mwina tsiku lina wina adzaimirira n'kunena kuti ameneyo ndi wathu. Ankafuna akagwade kwa mayi ake. Palibe anaimirira."

"Nanga bwanji sankatsutsa anthu akamawatama?"

"Unawaonapo atakhala mpaka nkhaniyo kutha? Ankadzuka, amvekere ndikaone mbuzi."

Zinali zoona. Stelia anawaonapo akudzuka chonchi kangapo konse, ndipo ankayesa kuti n'kudzichepetsa kwa ngwazi. Iye mwini, tsiku lomaliza maphunziro ake, anaimirira pakati pa alendo n'kukamba nkhaniyo monyadira, bambo ake ali pomwepo ndi mbale m'manja. Chimene bambo ake ankanyansidwa nacho iye ankachivala ngati mendulo, ndipo chimene ankalapira nacho iye ankachizungulira njira.

"Ndipatse chitenje," anatero a Maness.

Stelia anawapeza a Binwell ali pamakwerero, akumangirira sipika mumtengo wa mango pabwalo. Stelia anadikira kuti amuna amene ankawathandiza apite kukatenga mabenchi.

"Bambo aang'ono, ndime ija sinditha kuiwerenga."

A Binwell anatsika pang'onopang'ono. Anamuyang'ana kumaso, kenaka anayang'ana kunyumba.

"Alamu akuuza, eti."

"Andiuza."

"Anakuuzanso kuti miyendo yako inali itatupa? Unali ndi zaka zinayi. Mng'ono wako tinali titamuika kale mu Januwale, m'kamphasa. Chimanga chimene chinatsala m'munda umo ndi chimene unadya iwe, n'kukula, n'kukhala mphunzitsi. Kuchokera tsiku limenelo palibe wakuba analowanso m'minda ya mudzi uno. Kuweruza uli wokhuta n'kosavuta, mwanawe."

"Zinali zimanga zisanu ndi ziwiri, bambo."

"Tsiku limenelo. Mawa lake akanabwera ndi anzake."

Chimangacho Stelia anadyadi, ndipo mpaka lero ndi wamoyo.

"Dzina la mayi ake munalimva?"

A Binwell anatola waya pansi n'kuyamba kuuwongola, ngakhale unali wowongoka kale.

"Mawa kukubwera abusa, kukubwera a ku Blantyre. Ukachotsa ungwaziwo, achimwene atsala ndi chiyani? Munthu woonetsa ana a eni zophana. Ndi zimene ukufuna amayi ako amve ali pamphasa? Werenga zomwe talemba. Apo ayi ndipatse kopelo, ndipeze wina."

Stelia anakanikiza kope pachifuwa.

"Ndiwerenga ndine," anatero.

Tsiku loika, anthu anadzaza bwalo mpaka kumsewu. Bokosi linali pansi pa mtengo wa mango, amayi mbali ina, abambo mbali ina, abusa ndi a ku Blantyre pamipando. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi njinga, kunaima gulu la akabaza ndi anyamata a kumsika wa Lisungwi, anthu a pa kanema. Anabwera ambiri kuposa mmene banja linkafunira, ndipo palibe anawapatsa pokhala.

Nyimbo itatha, Stelia anaimirira ndi maikolofoni ya mphira ija. Anawerenga chaka chobadwa, ukwati, ana anayi, mmodzi anatsogola. Anawerenga kuti malemu anali mlimi. Pamenepo anaima, maso ali pa mzere wofufutidwa uja.

"Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri analinso womasulira mafilimu ku Lisungwi," anatero. "Ine mwana wawo ndinkachita nazo manyazi, ndipo sindinapiteko kukawamva ali moyo."

Kumbuyo kuja kunamveka kung'ung'udza kovomereza. A Binwell anakukuta mano koma sanasunthe. Ndime ya ngwazi Stelia anaidumpha, n'kupita pa za kugwa kwawo Lolemba m'mawa. Ankadziwa kuti imeneyi ndi njira ya wamantha, yosanama komanso yosanena, koma mphamvu zake zinali zitathera pomwepo. Anali pafupi kutseka kope.

"Mwanawe, wadumpha," anatero a Ezekiele, mkulu wa mpingo wokalamba, atakweza ndodo mwachifundo. Ankayesa kuti misozi yamusokoneza. "Za wakuba uja, chaka cha njala. Imeneyo ndiye mbiri ya munthu wagona apayu."

Anthu anavomera. Ena anakhala bwino pamabenchi, nkhope zitayamba kale kumasuka, poti nkhani yokoma imene ankaidziwa inali pafupi kubwera. Stelia anayang'ana amayi ake. A Maness anali atafunda chitenje kumutu, maso okha ali pa iye.

"Wakuba ameneyo anali ndi dzina, agogo," anatero Stelia. "Anali Kalisto."

Kumbuyo kuja wina anayamba kuseka mwa chizolowezi, koma kusekako kunadukira pakhosi. Anyamata amene kwa zaka zambiri ankakuwa dzina limenelo anayang'anizana, kenaka mmodzimmodzi anazyolika.

"Anafa ndi dzanja la bambo anga, atakhala pansi, ali ndi zimanga zisanu ndi ziwiri. Chimanga chimene chinatsala ndinadya ndi ine. Bambo sanadzione ngati ngwazi ngakhale tsiku limodzi. Anafunafuna kwawo kwa mnyamatayo mpaka Lamlungu lapitali, kuti akapepese, koma sanakupeze." Anakweza maso kuyang'ana anthu. "Ine sindikudziwa kwawo. Ngati alipo akumudziwa muno, atithandize."

Abusa anayang'ana m'Baibulo lotseka. A Ezekiele anatsitsa ndodo yawo.

Ndi pamene a Binwell anadzuka. Anayenda pakati pa anthu molunjika kwa Stelia, ndipo aliyense anaona kuti akukamulanda maikolofoni. Anamulandadi. Anaithimitsa, n'kuima naye pafupi kwambiri.

"Mayi ake ndi a Nachisale," anatero motsitsa, kuti amve yekha. "A ku Chifunga. Ndinamva bwinobwino, anatchula katatu. Ndinkaopa kuti achimwene akapitako sakabwerako." Anayang'ana kubokosi. "Zaka zonsezi ankandifunsa, ine ndikuwayang'ana m'maso."

Stelia anayang'ana maikolofoni ili m'dzanja lawo.

"Ukanena, nena zonse," anatero a Binwell.

Anayatsa okha maikolofoniyo n'kumubwezera. Kumpando kwawo sanabwerere. Anaima pambali pake, manja kumbuyo, mutu pansi, pamaso pa abusa ndi a ku Blantyre omwe. Stelia anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuyamba ndi dzina la mayi.